Kuuka ndi mantha m'mamawa: si ufiti, si ulesi, ndi matenda ocizika

M'midzi yathu ndi m'makomboni muli anthu amene kuca kwa tsiku kumawaopsya koposa mdima wa usiku. Pamene ena akali m'tulo, iwo maso ali gwa kuyambira ola la 3 kapena la 4. Mtima ugunda ngati ng'oma, pacifuwa palemera ngati aikapo thumba la cimanga, m'manja muli thukuta ngakhale m'mwezi wozizira wa June, ndipo m'mimba muwira kotero kuti munthu apita kucimbudzi kawiri kapena katatu dzuwa lisanatuluke. Mukawafunsa cimene aopa, ena achula ngongole, ena munda, ena angoti amva monga kudzacitika cinthu coipa tsiku limenelo. Pofika masana thupi lipepukako. Madzulo munthu yemweyo aceza ndi kuseka ndi anzake pabwalo. Koma tambala akalira, zonse ziyambiranso.

Bvuto ili silisankha munthu. Ligwira mlimi wa thonje ndi mphunzitsi, mai wamasiye ndi mkulu wa mpingo, mwana wokonzekera mayeso a Grade 12 ndi nkhalamba yolera adzukulu. Ambiri abisa, cifukwa aopa kunenedwa kuti ndi alesi, ofooka m'cikhulupiriro, kapena kuti mutu wayamba kuzungulira.

Kubisa kumeneku kutidyera zambiri. Tonse tidziwa kuti nchito ya kumunda igwirika m'mamawa dzuwa lisanakwere. Munthu amene ataya maola atatu oyamba tsiku ndi tsiku m'nyengo yobzala ndi yopalira, wataya mbali ya zokolola zake. Ena agulitsa mbuzi ndi nkhuku kuti alipire kwa ng'anga. Ena ayamba kumwa kacasu m'mawa kuti manja aleke kunjenjemera. Enanso aloza cala azakhali kapena agogo, ndipo banja lipasuka. Ndiye cifukwa cake lero tifuna tikambirane za matenda amenewa poyera: cimene ali, kumene acokera, ndi zimene tingacite.

Simuli nokha

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa. Akazi ndiwo aculuka kuposa amuna, ndipo mwa anthu anai ofunika thandizo, mmodzi cabe ndiye alilandira.

Ife alimi tiri ndi zifukwa zathu zodera nkhawa. Pa 29 February 2024, Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca nyengo ya 2023/2024 cinali tsoka la dziko lonse, pamene mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga anaonongeka. Mvula inabweranso bwino nyengo yotsatira, koma thupi la munthu amene anaona cimanga cake cikuuma ciri ciimire siliiwala msanga. Onjezanipo mbozi zoononga cimanga zimene zinalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016, mtengo wa fataleza, kaloba wosatha, maliro ndi matenda m'banja.

Kudera nkhawa zinthu zotere ndi cibadwa. Ngakhale mlimi wolimba mtima ayang'ana kumwamba mitambo ikacedwa. Nkhawa ikhala matenda pamene ibwera pafupifupi tsiku lirilonse, ikula kuposa bvuto lenileni, munthu alephera kuiletsa, ndipo iyamba kumuletsa kugona, kudya, kulima kapena kupita kuchalichi.

Nanga n'cifukwa ciani m'mamawa?

Pamwamba pa impsyo zathu pali tiziwalo tiwiri tating'ono timene titulutsa timadzi tochedwa cortisol ndi adrenaline. Cortisol ndiye wochi ya thupi youtsa munthu. Usiku wapakati akhala wocepa, mbandakuca ayamba kukwera, ndipo m'mphindi 30 mpaka 45 munthu atauka akwera kwambiri. Nchito yake ndi yabwino: atumiza shuga m'magazi kuti tipeze mphamvu zonyamulira khasu. Izi zicitika kwa munthu aliyense. Koma kwa munthu amene mtima wake uli kale ndi katundu, kukwera kumeneku kuli ngati kuthira parafini pa moto umene unali kunyeka pansi pa phulusa.

Cifukwa caciwiri ndi njala. Ngati munadya nsima pa ola la 7 madzulo, pofika ola la 5 m'mawa papita maola khumi m'mimba mulibe kanthu. M'miyezi ya January ndi February, pamene nkhokwe zambiri ziri pansi, ena agona atadya pang'ono cabe. Thupi lanjala linjenjemera ndi kufooka msanga.

Cacitatu ndi bata la nthawi imeneyo. Masana maganizo agawika: pali ng'ombe, ana, alendo, wailesi. Mbandakuca kulibe cosokoneza, ndipo mabvuto onse afika pamodzi, aliyense aoneka wamkulu kuposa msinkhu wake.

Cacinai, matenda a cisoni cacikulu, aja amene munthu ataya nao cimwemwe ndi cilakolako ca zinthu zonse, kawirikawiri ayenda pamodzi ndi nkhawa. Cizindikiro cao cimodzi codziwika bwino kwa madokotala ndi ici comwe: kuuka usiku kukali, kulephera kugonanso, kubvutika kwambiri m'mawa ndi kupezako bwino madzulo.

Zimene zicitika m'thupi

Mukakumana ndi njoka m'njira, thupi silidikira kuti muganize. Adrenaline atuluka nthawi yomweyo kuti muthawe kapena mumenye. Matenda a nkhawa ndiwo kulira kwa belu limeneli pamene njoka palibe. Tikamvetsa izi, cizindikiro ciriconse cikhala ndi tanthauzo lake.

Mtima ugunda msanga kuti utumize magazi ku miyendo ndi manja. Thukuta lituluka kuti thupi lizizire. Minofu ikungika, ndiye cifukwa cake khosi, mapewa ndi mutu ziwawa, ndipo manja anjenjemera. Magazi acepa kumimba, motero pabwera mseru, kusafuna kudya ndi kutsegula m'mimba. M'kamwa muuma. Munthu apuma mofulumira ndi mosafika pansi, ndipo kupuma kotere kutulutsa mpweya wina wofunika kukhalako m'magazi pa mlingo wake. Zotsatira zake ndi cizungulire, dzanzi m'zala ndi kuzungulira milomo, ndi kumva monga mpweya sukwana.

Apa ndipo pali msampha. Munthu akamva mtima ukugunda aganiza kuti akufa. Ganizo limenelo liwonjeza mantha, mantha awonjeza adrenaline, ndipo mtima ugunda koposa. Mantha aakulu obwera mwadzidzidzi otere afika pacimake m'mphindi ngati khumi, kenaka ayamba kutsika okha, ngakhale kutopa kwake kukhala nthawi yaitali. Zowawa zake ndi zenizeni, munthu sanamizira iai. Koma mantha okha saimitsa mtima wa munthu amene anapimidwa napezeka kuti mtima wake uli bwino.

Yambani ndi kupimitsa

Mau akuti "anapimidwa" ndi ofunika. Pali matenda ena amene afanana ndi nkhawa, ndipo sitiyenera kulota. Malungo abweretsa kunjenjemera, thukuta ndi mseru, ndipo kupima kwake pa cala kutenga mphindi 15 kapena 20 cabe. Kucepa kwa magazi, kumene kugwira kwambiri azimai apakati ndi oyamwitsa, kugunditsa mtima ndi kubweretsa cizungulire. Odwala shuga amene amwa mapiritsi kapena kubaya jekeseni angauke ndi thukuta ndi kunjenjemera ngati shuga watsika kwambiri usiku. Kaciwalo ka pakhosi kamene kakatupa timati cithokomiro, kakagwira nchito mopitirira, munthu aonda, amva kutentha, ndipo mtima uthamanga. Thukuta la usiku pamodzi ndi cifuwa ca milungu iwiri ndi kuonda lifuna kupimitsa TB. Mseru wa m'mawa kwa mai ungakhale pakati. Musaiwalenso kupimitsa BP.

Alimi a fodya a ku Chipata, Lundazi ndi kwina adziwe ici: tsamba laliwisi la fodya likanyowa ndi mame kapena mvula, nikotini alowa m'thupi kupyolera pa khungu. Patapita maola angapo, ngakhale usiku, munthu amva mseru, cizungulire, mutu ndi kugunda kwa mtima. Dikirani mame aume, bvalani magolovesi ndi pulasitiki pamwamba pa zobvala, sinthani zobvala zikanyowa, sambani ndi sopo, ndipo ana asathyole nao fodya. Cimodzimodzi alimi a thonje ndi a m'madimba: mankhwala ena opopera abweretsa thukuta, kunjenjemera, kusanza, malobvu ambiri ndi kusaona bwino. Zikayamba mutapopera, pitani kucipatala msanga mutanyamula botolo lake kuti anamwino awerenge dzina la mankhwalawo.

Mowa nao uli ndi mlandu. Munthu womwa kwambiri tsiku ndi tsiku akagona, mowa utha m'magazi, ndipo patapita maola 6 mpaka 24 thupi liyamba kuufuna: manja anjenjemera, thukuta, mantha. Akamwako pang'ono apeza bwino, motero aganiza kuti mowa ndiwo mankhwala, pamene ndiwo gwero la bvutolo. Womwa kwambiri kwa zaka asaleke mwadzidzidzi payekha, cifukwa angagwe ngati wakhunyu kapena kusokonezeka mutu. Aleke mothandizidwa ndi a cipatala.

Mankhwala ena a mphumu, ngakhale ena a ARV, angabweretse kunjenjemera, kusowa tulo kapena maloto oipa. Musawaleke mwa inu nokha. Fotokozerani amene anakupatsani.

Pali zizindikiro zosayenera kudikira kuti kuce bwino: kuwawa kwa pacifuwa kumene kufalikira ku dzanja kapena ku nsagwada, kukomoka, kufooka mbali imodzi ya thupi, kukhota kwa pakamwa, kulephera kupuma ngakhale mutakhala pansi, ndi kutentha thupi kwambiri. Zikatero funani njinga, ngolo kapena galimoto nthawi yomweyo.

Zocita mantha akayamba

Ngati mwapimidwa ndipo a cipatala anena kuti ndi nkhawa, nazi zinthu zimene zithandiza, zosafuna ndalama.

Coyamba, musakhalitse pamphasa mukulimbana ndi maganizo. Tulo tikakana kwa nthawi, ukani, khalani tsonga, pondani pansi ndi mapazi onse awiri.

Caciwiri, konzani kapumidwe. Ikani dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4, kuti mimba ikwere osati mapewa. Tulutsani ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6, monga munthu wouzira phala la mwana. Citani tero kwa mphindi zisanu. Cinsinsi ciri pa kutulutsa mpweya mocedwa, cifukwa ndiko kumene kuuza mtima kuti utsike. Yesezani njira iyi masana pamene muli bwino, kuti pa nthawi ya bvuto thupi likhale litaizolowera.

Cacitatu, dziuzeni zoona. Nenani ndi mau anu kuti, awa ndi mantha aja, ndiwadziwa, anabwera dzulo ndipo anapita. Musalimbane nao kuti acoke msanga, cifukwa kulimbanako kuwakulitsa. Alekeni akwere ndi kutsika monga madzi a mumtsinje mvula ikatha.

Cacinai, bwezani maganizo pamene muli. Chulani zinthu zisanu zimene muona, zinai zimene mumva ndi makutu, zitatu zimene mungakhudze. Sambani kumaso ndi madzi ozizira. Kukayera tulukani panja kuti kuwala kwa m'mawa kukufikeni m'maso, pakuti kuthandiza thupi kudziwa nthawi yogona ndi youka.

Cacisanu, ikani kanthu m'mimba ngakhale simufuna. Madzi kapu imodzi, phala la nshawa, kandolo wotsala dzulo, nthoci kapena cikondamoyo. Masipuni atatu aposa kusadya konse. Tiyi wamphamvu, khofi, zakumwa za m'zitini zimene acinyamata amwa kuti apeze mphamvu, fodya wokoka ndi nsunko, zonsezi zithamangitsa mtima, makamaka pa mimba yopanda kanthu.

Cacisanu ndi cimodzi, gwirani kanchito kamodzi kakang'ono. Tsegulirani nkhuku, sesani pabwalo, nolani khasu. Kenaka kena. Adrenaline anatulukira kuti thupi liyende, motero kuyenda kupita kumunda ndi kulima mizere iwiri kumutha msanga kuposa kukhala pansi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Cenjerani ndi kuthawa. Munthu akaleka kupita kumunda, kumsika kapena kuchalichi cifukwa ca mantha, apeza mpumulo tsiku limenelo, koma mawa mantha abwera atakula. Ngati simungathe tsiku lonse, pitani ola limodzi. Ngati simungathe nokha, pitani ndi wina.

M'mawa wabwino ukonzedwa madzulo

Sankhani nthawi dzuwa lisanalowe, mphindi 15 kapena 20, yokhalira pansi ndi mabvuto anu. Lembani m'kabuku, kapena auzeni amuna anu, akazi anu kapena mnzanu wokhulupirika. Gawani pawiri: zimene mungacitepo kanthu, ndi zimene ziri kunja kwa mphamvu zanu. Mvula simungaiitane. Koma mungapite kwa amene muli nao ngongole kukapangana za kabwezedwe, mungafunse alangizi a zaulimi za mbeu yoca msanga, mungalowe m'gulu losunga ndi kubwerekana ndalama la m'mudzi m'malo mwa kaloba. Ganizo likabwera pa ola la 3 usiku, liuzeni kuti nthawi yake ndi madzulo.

Musanagone dziwani nchito zitatu zoyamba za mawa, ndipo ikani khasu, mbeu ndi nsapato pafupi ndi citseko. Sungani cakudya pang'ono ca m'mawa. Gonani ndi kuuka pa nthawi imodzimodzi, ngakhale pa Sondo. Tiyi ndi khofi zikhala m'magazi maola ambiri, motero ndi bwino kuzileka dzuwa likapendeka. Mowa ugonetsa msanga koma uutsa munthu pakati pa usiku. Nkhani za ndalama ndi milandu ya m'banja musaziyambe pamphasa. Lamya nayo igone patali: kuyamba tsiku ndi mauthenga a ongongoza ndi nkhani za ngozi pa Facebook ndi kudziitanira mantha.

Thandizo la kucipatala

Ngati papita milungu iwiri mukubvutika pafupifupi m'mawa uliwonse, ndipo nchito yayamba kuima, pitani ku kiliniki yapafupi. Boma linacotsa malipiro m'zipatala zake zazing'ono za kumidzi mu 2006. Fotokozani zonse, za m'thupi ndi za mumtima zomwe. Ambiri a ife tingochula mutu ndi m'mimba, tilandira Panadol, tibwerera kunyumba ndi bvuto lathu. Nenani kuti muuka ndi mantha, kuti simugona, kuti muganiza kwambiri, ndi pamene zinayambira.

Kupita kukadandaula za nkhawa si kupita ku Chainama. Cipatala ca Chainama Hills mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 1962, cilandira odwala kwambiri, koma ambiri a nkhawa athandizidwa akukhala kunyumba kwao. Kiliniki ikaona kuti mpofunika, ikutumizani ku cipatala ca boma kapena ca mishoni ca m'dera lanu, kapena ku Chipata Central Hospital kumene kuli cigawo ca matenda a maganizo. Mu 2019 dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act m'malo mwa lakale la m'nthawi ya atsamunda, ndipo lamuloli linena kuti wodwala maganizo ali ndi ufulu wolandira thandizo ndi ulemu monga wodwala wina aliyense.

Thandizo liri la mitundu iwiri. Loyamba ndi uphungu: kukambirana ndi munthu wophunzitsidwa amene athandiza wodwala kuzindikira maganizo omuopsya, kuwayesa ngati ndi oona, ndi kubwerera pang'onopang'ono ku zinthu zimene anali kuthawa. Kukamba si nthabwala. Anzathu a ku Zimbabwe, amene bvutoli alichula kuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira, ali ndi nchito yochedwa Friendship Bench imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Mbare mu Harare. Agogo aakazi ophunzitsidwa akhala pa benchi pa kiliniki namvetsera odwala, ndi kuwathandiza kumasula mabvuto ao limodzi limodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti odwala amene anakhala pa benchi anapeza bwino kuposa amene analandira cisamaliro ca masiku onse. Kuno kwathu bungwe la StrongMinds linayamba mu 2019 kuthandiza anthu, makamaka azimai, mwa kukambirana m'magulu.

Laciwiri ndi mankhwala. Mapiritsi monga fluoxetine sagwira tsiku lomwelo. Atenga milungu iwiri, inai kapena kuposapo, ndipo masiku oyamba ena amva monga nkhawa yakula. Musataye mtima, ndipo mukapeza bwino musaleke mwadzidzidzi osauza adokotala. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam atonthoza msanga koma azolowereka, motero ndi a masiku owerengeka cabe, ndipo ndi oopsya akasakanizidwa ndi mowa. Musabwereke mapiritsi a mnzanu, musagule a pamsika. Mai wapakati kapena woyamwitsa anene zimenezi asanalandire mankhwala aliwonse.

Za ufiti ndi za pemphero

Popeza bvutoli libwera usiku, ligwira pacifuwa ndipo pomupima malungo munthu sapezeka ndi kanthu, ambiri athamangira kunena kuti walodzedwa kapena kuti afiti amulimitsa usiku. Taona pamwambapa kuti nthawi yake ndi zizindikiro zake ziri ndi cifukwa codziwika m'thupi. Tikumbukenso kuti lamulo la dziko lino liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Nkhalamba zambiri zathamangitsidwa m'midzi popanda mlandu, pamene wodwalayo atsala ndi matenda ake.

Kwa ife a mumpingo pali msampha wina. Tiuza wodwala kuti akadakhala ndi cikhulupiriro sakadaopa. Mau otere amuwonjezera katundu, pakuti tsopano aopa ngongole, aopanso kuti Mulungu wamutaya. Koma tiwerenga m'buku loyamba la Mafumu, mutu 19, za mneneri Eliya amene anathawa ndi mantha mpaka kupempha imfa. Thandizo loyamba limene analandira linali cakudya, madzi ndi tulo, ndipo pambuyo pake anapatsidwa mnzake womuthandiza nchito. Pemphero la m'mawa, korona kapena nyimbo yoimba motsitsa zikhazika mtima wa wokhulupirira, ndipo tilimbikitsa. Koma monga sitiuza wodwala shuga kuti ataye mapiritsi cifukwa tamupempherera, tisauze wodwala nkhawa kuti cipatala ndi ca osakhulupirira. Kusala kudya masiku ambiri kungakulitse zizindikiro zake. Wodwala akambirane ndi abusa kapena ansembe ake za njira ina yodziperekera.

Mbali ya banja ndi mpingo

Inu amene mugona nyumba imodzi ndi wodwala, mau akuti "limba mtima" kapena "leka kuganiza" sathandiza, cifukwa akadatha akadaleka kale. Ukani naye. Khalani pafupi, pumani naye pamodzi mukuwerenga, mupatseni madzi, pitani naye kumunda. Musamuseke pamaso pa ana kapena apongozi. Musamulande nchito zonse monga wopuwala, pakuti kukhala cabe kukulitsa matendawa. Mperekezeni kucipatala, ndipo mukumbutseni tsiku lobwererako.

Abambo, nkhani iyi ndi yanunso. Tinaleredwa kuti mwamuna salira, ndipo cifukwa ca ici nkhawa ya amuna ambiri ituluka ngati ukali, mowa ndi kukhala chete. Kuuza akazi anu kapena mbale wanu kuti m'mawa mubvutika si kutaya ulemu.

Timagulu ta akhristu ta m'midzi, a Cigwirizano, a Legio ya Maria, makwaya ndi makopaletivu ali ndi mwai umene cipatala ciribe: aona munthu sabata iriyonse. Mukaona membala amene anali wacangu wayamba kujomba mapemphero a m'mawa, waonda, munda wake wamera udzu, musayambe ndi kumudzudzula. Pitani awiri kukamuona. Mufunseni za tulo ndi za kudya. Zimene akuuzani zisafike pa citsime. Ngati nthawi yopalira yamupitirira, gulu limulimire tsiku limodzi monga ticitira pa maliro. Mutu umodzi susenza denga.

Cenjezo lalikulu

Pali cinthu cimodzi cimene sitingacisiye. Nkhawa ndi cisoni zikakula, ena ayamba kuganiza zodzipha, ndipo mbandakuca, pamene onse ali m'tulo, ndiyo nthawi imene munthu amva kuti ali yekha. M'nyumba zathu za alimi muli mankhwala a thonje, a mbozi, a makoswe ndi osungira cimanga. Ambiri amene amwa mankhwala otere acita m'kanthawi kocepa ka kutaya mtima, kamene kakadapita akadapanda kupeza botolo pafupi. Motero nyumba iriyonse isunge mankhwalawa m'bokosi lokhoma, kunja kwa nyumba yogona, ndipo ngati m'banja muli wobvutika maganizo, kiyi isungidwe ndi munthu wina, kapena mankhwalawo akasungidwe kwa mnansi.

Munthu akanena kuti kuli bwino kufa, kapena ayamba kugawa katundu wake ndi kutsazika, musayese nthabwala. Mufunseni mosabisa ngati aganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa ganizolo, koma kumutsegulira khomo lolankhulira. Musamusiye yekha, ndipo pitani naye kucipatala tsiku lomwelo. Bungwe la Lifeline/Childline Zambia liri ndi manambala aulere: 933 ya akulu ndi 116 ya ana.

Kwa inu amene mubvutika, tikuti matendawa acizika. Ena apeza bwino m'milungu yowerengeka, ena atenga miyezi, ndipo masiku oipa abwerako apa ndi apo ngakhale munthu ali pa njira yocira. Ico si cizindikiro cakuti mwalephera. Yambani sabata ino ndi zinthu ziwiri: uzani munthu mmodzi, ndipo pitani mukapimitse.

Kwa atsogoleri a maparishi, mipingo ndi magulu a alimi, tipempha kuti pa msonkhano wanu wotsatira muitane namwino kapena wa zaumoyo wa pa kiliniki yanu adzakambe za nkhaniyi kwa theka la ola. Tsiku la 10 October caka ciriconse ndi lokumbukira umoyo wa maganizo pa dziko lonse, ndipo lifika pa nthawi yabwino, pamene tikonza minda mvula isanagwe. Awerengereninso nkhaniyi anzathu amene satha kuwerenga.